Ntchito yogwirizira pa ulendo wopita ku unamwino: kuyerekeza njira zisanu

Chaka chilichonse mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akalengezedwa, pamatsala achinyamata ambiri amene mtima wawo uli pa unamwino koma dzina lawo silinatuluke, kapena apeza malo ku koleji yolipira imene makolo sangakwanitse fizi yake. Ambiri mwa iwo amaganiza zoyamba apeza ntchito ina ya zaumoyo kuti agwirizire, uku akusunga kandalama ndi kuzolowera odwala. Ganizoli ndi labwino, koma ntchito zimenezi sizifanana, ndipo zina mwa izo zimamutalikitsa munthu ndi unamwino ngakhale kuti tsiku lililonse amakhala m'chipatala.

Namwino amene tikunena pano ndi wa mlingo wa Registered Nurse, wolembedwa m'kaundula wa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, kapena kuti NMCM, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo ndilo limavomereza sukulu za unamwino, kulembetsa mayeso a chiphaso ndi kupereka chilolezo chogwirira ntchito. Njira yolunjika ndi digiri ya zaka 4, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kapena ya ku Mzuzu University ndi ku mayunivesite ena omwe si a boma monga Daeyang ku Lilongwe. Chimene chimamulowetsa munthu kumeneko ndi chimodzi mwa zinthu ziwiri: makirediti 6 a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, Masamu, Biology ndi maphunziro a sayansi a Physics ndi Chemistry, kapena pepala la unamwino wa mlingo wotsikirapo limene NMCM imalizindikira. Zaka zimene munthu wagwira ntchito mu wodi, ngakhale zitachuluka bwanji, sizilowa m'malo mwa kirediti ya Biology. Mfundo imeneyi ndiyo iyenera kutsogolera kusankha konse.

Muyezo woyerekezera

Njira iliyonse tiiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, kutanthauza ndalama ndi nthawi zimene muyenera kutaya musanayambe kulandira malipiro. Chachiwiri ndi kapezekedwe ka ntchitoyo, chifukwa njira yabwino papepala imene amalembamo anthu mwa apo ndi apo singadaliridwe ndi munthu amene akufuna kuyamba chaka chino. Chachitatu ndi zofunika kuti ntchitoyo ipitirire, monga chiphaso cha chaka ndi chaka, malo okhala, mayendedwe, komanso funso limene ambiri amaliiwala, lakuti kodi ntchitoyo ikusiyirani maola owerengera. Chachinayi ndi ziopsezo, zapathupi ndi zam'thumba zomwe, kuphatikizapo chiopsezo chokhazikika pa ntchito yogwirizira mpaka zaka za sukulu kudutsa.

Njira yoyamba: dipuloma ya Nurse Midwife Technician

Mtengo. Pa njira zonse zisanu, iyi ndiyo yodula kwambiri, chifukwa imafuna zaka 3 za sukulu munthu asanalandire malipiro aliwonse. Maphunzirowa amachitikira makamaka m'makoleji a pansi pa Christian Health Association of Malawi, bungwe la CHAM, monga Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission ndi Trinity ku Muona m'boma la Nsanje, komanso ku Malawi College of Health Sciences. M'zaka za pakati pa 2004 ndi 2010, pamene dziko linali ndi ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zaumoyo, boma ndi mabungwe othandiza ankalipirira ophunzira ambiri, koma masiku ano mabanja ambiri amadzilipirira okha. Pamwamba pa fizi muwerengere yunifolomu, nsapato, zipangizo zing'onozing'ono, ndalama za mayendedwe ndi chakudya pa nthawi ya mapulakitiko m'zipatala zakutali, ndi ndalama ya mayeso a NMCM pomaliza. Kuchepa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunasonyeza kuti fizi imene mwauzidwa chaka choyamba siyikhala yomweyo chaka chachitatu, choncho banja lipange bajeti yokhala ndi mpata.

Kapezekedwe. Makolejiwa amalemba ophunzira pafupipafupi ndipo mapointi amene amafuna ndi ofewerapo poyerekeza ndi a digiri, ngakhale kuti makirediti a sayansi amafunikabe. Vuto lili pa kulembedwa ntchito mukamaliza. Ngakhale zipatala zili ndi anamwino ochepa, boma limalemba malinga ndi ndalama zimene lili nazo, ndipo bungwe la anamwino la National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi lakhala likudandaula kwa zaka zambiri za anamwino amene anamaliza sukulu koma ali pakhomo. Ambiri amayamba ndi lokamu, yomwe ndi ganyu yogwirizira mashifiti osowa namwino, makontirakiti afupiafupi kapena zipatala zapulaiveti asanalowe m'boma kapena ku CHAM.

Zofunika kuti ipitirire. Chiphaso cha NMCM chimalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo pamafunika umboni wa maphunziro owonjezera a pantchito, amene amatchedwa CPD. Ntchitoyo ndi ya mashifiti, kuphatikizapo naiti, ndipo pa chipatala chaching'ono cha kumudzi namwino mmodzi angathe kukhala yekha ku matenite usiku wonse, n'kudzapezekanso ku sikelo ya amayi oyembekezera m'mawa.

Ziopsezo. Chachikulu ndi kutalika kwa ulendo. Mukawerengera zaka 3 za dipuloma, zaka zosachepera 2 za pantchito zimene sukulu zambiri zimafuna musanabwererenso m'kalasi, ndi zaka zina za maphunziro okwezera mlingo, mupeza kuti mnzanu amene analowa digiri molunjika adzakutsogolerani ndi zaka zingapo. Palinso nkhani ya tchuthi cha sukulu, chomwe wolemba ntchito sapereka kwa aliyense wopempha, makamaka pamene chipatala chili ndi anamwino ochepa. Komabe, m'kuona kwanga, iyi ndiyo njira yokhayo pa zisanuzi imene pepala lake limawerengedwa mwachindunji pa ulendo wopita ku Registered Nurse, ndipo ngakhale ulendowo utaima panjira, munthu amatsala ndi ntchito yeniyeni ya unamwino m'manja.

Pafupi ndi njirayi pali maphunziro a Community Midwifery Assistant, a miyezi 18, amene anayambitsidwa kuti achepetse imfa za amayi pobereka m'madera akumidzi. Ndi afupi komanso ali pansi pa NMCM, koma ndi a uzamba wokha, ndipo makwerero ochokera pamenepo kukafika pa Registered Nurse ndi aataliko. Amamuyenera munthu amene akudziwa kale kuti moyo wake uli ku matenite.

Njira yachiwiri: ulangizi wa zaumoyo

Mtengo. Mlangizi wa zaumoyo, amene m'mapepala a boma amatchedwa Health Surveillance Assistant kapena HSA, salipira fizi, chifukwa amayamba walembedwa ntchito kenako boma limamuphunzitsa. Kwa zaka zambiri maphunziro oyambirira ankakhala a masabata 12. Chimene chimafunika polowa ndi satifiketi ya MSCE ndi ndalama yoyendera kukafika ku intavyu.

Kapezekedwe. Ndondomeko ya boma ndi yakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ndipo chiwerengero cha alangizi sichinafike pamenepo, choncho malo amatuluka nthawi ndi nthawi kudzera m'makhonsolo. Koma ofuna ntchitoyi ndi ochuluka zedi. Mu 2020, Unduna wa Zaumoyo utaitana anthu ku maintavyu ongofikira, anthu zikwizikwi anakhamukira m'malo ochitira maintavyuwo, ndipo ku Mzuzu ena anavulala popanikizana. Palibe amene angakonze moyo wake podalira kuti chaka chino malo atuluka ndipo iye adzakhala mmodzi wa otengedwa.

Zofunika kuti ipitirire. Mlangizi amayembekezeka kukhala m'dera limene akutumikira, ndipo nthawi zambiri kumakhala kutali ndi magetsi, laibulale ndi sukulu yophunzitsa obwereza mayeso. Walira mvula walira matope: malipiro okhazikika a boma amabwera limodzi ndi nyumba ya lendi kumudzi ndi njinga yakapalasa imene matayala ake amatha msanga m'nyengo ya dzinja. Ntchito yake ndi yambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa tsiku la sikelo, mlangizi amapachika sikelo panthambi ya mtengo, n'kuyeza ana mmodzimmodzi, kulemba m'mabuku awo a chipatala, kubaya katemera ndi kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba ka mitundu itatu kuti aone ngati akunyentchera. Kuyambira cha m'ma 2008, alangizi a m'madera ovuta kufikako amayendetsanso makiliniki a m'mudzi a ana osakwana zaka 5, kumene amayeza malungo ndi kachipangizo ka dontho la magazi, kuwerenga kapumidwe ka mwana kwa mphindi yathunthu kuti adziwe ngati ndi chibayo, ndi kupereka LA, amoxicillin, zinc ndi Thanzi ORS. Munthu amene wachita zimenezi kwa zaka ziwiri amakalowa m'kalasi ya unamwino akudziwa kale kuzindikira mwana amene wadwalika. Ubwino wina ndi wakuti kawirikawiri ntchitoyi ilibe naiti, choncho madzulo ndi mapeto a sabata amakhala anu, kupatula pa nthawi ya makampeni ndi miliri.

Ziopsezo. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 ndipo unali woipitsitsa m'mbiri ya Malawi, alangizi ndiwo anali patsogolo kugawa klorini ndi kulondola odwala m'midzi. Chiopsezo china ndi chosaoneka msanga. Malipiro a mwezi ndi mwezi, ngongole ya kubanki yodulidwa pa malipiro, banja ndi kamunda zimamukhazika munthu pansi, ndipo zaka 10 zimatha akunenabe kuti chaka cha mawa abwereza MSCE. Dziwaninso kuti makwerero achibadwa a ntchitoyi amalowera ku zaumoyo wa m'madera ndi ukhondo, osati ku unamwino, kotero kuti mlangizi wofuna unamwino amalowabe ndi makirediti ake monga wina aliyense.

Njira yachitatu: ntchito za m'mapulojekiti

Pano tikunena ntchito monga ya HIV Diagnostic Assistant, yoyeza anthu HIV, yomwe inayamba mu 2015, ya olondola odwala amene asiya kumwa ma ARV, ya olemba zamakaundula ku kiliniki, ndi ya othandizira pa kafukufuku m'mabungwe monga Malawi Liverpool Wellcome ku Blantyre ndi UNC Project ku Lilongwe.

Mtengo wolowera ndi wochepa, chifukwa maphunziro a masabata ochepa oyezera magazi ndi kupereka uphungu nthawi zambiri amalipiridwa ndi bungwe lolemba ntchito, ngakhale kuti malonda ena a ntchito amafuna munthu amene ali kale ndi satifiketi ya uphunguwo. Kapezekedwe kake kamatsatira ndalama za opereka thandizo, ndipo mipata imachuluka m'maboma amene muli mapulojekiti akuluakulu a HIV. Pa zofunika kuti ntchito ipitirire, njirayi ili ndi ubwino weniweni kwa wofuna kubwereza mayeso, popeza imakhala ya masana, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo malo ambiri ali pafupi ndi tauni kapena pa boma, kumene kuli sukulu za open ndi aphunzitsi a sayansi. Imaphunzitsanso zinthu zimene namwino amazifuna moyo wake wonse, monga kusunga chinsinsi cha wodwala, kulemba kaundula mosalakwitsa ndi kuuza munthu nkhani yowawa mwaulemu.

Chiopsezo chake n'chachikulu ndipo sichiyenera kuchepetsedwa. Mu January 2025 boma la America linalamula kuti ntchito zambiri zothandizidwa ndi ndalama zake kunja ziyambe zaima kwa masiku 90, ndipo pambuyo pake bungwe la USAID linathetsedwa. Ogwira ntchito ambiri a m'mapulojekiti a zaumoyo m'maiko a kuno kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, anauzidwa mwadzidzidzi kuti asabwere kuntchito. Amene akusankha njirayi aziwerengera kontirakiti imene wasayina yokha, osati malonjezo akuti idzawonjezeredwa, ndipo ndalama ya fizi aziyamba kuisunga kuyambira malipiro oyamba. Palinso ngozi yodzibaya ndi singano. Izi zikachitika, mankhwala a PEP, oteteza munthu kuti asatenge HIV, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo ndi bwino kufunsa za katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B musanayambe kugwira magazi a anthu.

Njira yachinayi: kuthandizira mu wodi

Mtengo. Ntchito ya hospital attendant kapena patient attendant sifuna maphunziro apadera polowa, ndipo zambiri munthu amaziphunzirira pantchito pomwepo. Apa ndi pamene ndiyenera kuchenjeza za makosi afupiafupi amene amalengezedwa ndi mayina okopa okhala ndi mawu akuti nursing. Musanalipire ngakhale tambala, pitani kapena imbani ku NMCM mufunse ngati sukuluyo ndi kosiyo zili pa mndandanda wa zovomerezeka. Satifiketi imene bungweli silikuizindikira siyingakupatseni chiphaso, ndipo siyingakufupikitsireni maphunziro a unamwino ndi tsiku limodzi lomwe.

Kapezekedwe. Mipata imapezeka m'zipatala za boma, za mishoni ndi zapulaiveti, ndipo m'matauni zipatala zing'onozing'ono zapulaiveti ndizo zimalemba mwachangu, koma nthawi zambiri pa malipiro otsika. Funsani kalata yolembedwa ntchito komanso za penshoni, popeza lamulo limafuna kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti.

Zofunika kuti ipitirire. Palibe chiphaso cholipira, koma thupi ndilo limalipira. Pa naiti, atendanti amasungunula klorini m'ndowa, kukolopa pansi pamene wodwala wasanza, kusintha zofunda, kukankha sitirecha kupita ku fiyeta, kuthamangitsa mabotolo a magazi ku labu, ndipo pena amathandiza kukonza thupi la womwalira achibale akulira pakhonde. Akamaweruka m'mawa, mutu wowerengera Chemistry sumakhalapo. Amene wayesa kuphatikiza mashifiti otere ndi sukulu amadziwa kuti sabata ya naiti ndi sabata yotayika ku maphunziro.

Ziopsezo. Msana, TB, singano zotayidwa mosasamala, ndi chinthu china chimene chimachitika pamene anamwino achepa, chomwe ndi kutumidwa ntchito zimene simunaphunzire, monga kubaya jakisoni kapena kugawa mankhwala. Zimenezi zimaoneka ngati mwayi wophunzira, koma wodwala akavulala, mlandu umagwera munthu wopanda chiphaso, ndipo mbiri yotere ingamutsekere khomo limene ankalifuna. Phindu lenileni la njirayi ndi lakuti palibe ntchito ina imene imamuonetsa munthu unamwino pafupi chotere. Amene wakhala miyezi 6 mu wodi ya amuna kapena ya ana amadziwa ngati mtima wake ungapirire fungo, magazi ndi imfa, banja lisanagulitse ng'ombe kuti lilipire fizi ya zaka 4.

Njira yachisanu: kusamalira odwala kunyumba, kuno ndi kunja

M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, mabanja amafuna munthu wosamalira kholo lokalamba kapena wodwala sitiroko, ndipo ntchitoyi imapezeka mwa kuuzana. Kulowa kwake sikufuna ndalama, chakudya ndi pogona nthawi zina zimaperekedwa, ndipo wodwala akagona pamakhala maola abata owerengera. Koma kawirikawiri sipakhala kontirakiti, malipiro amachedwa, palibe namwino woyang'anira amene angakuphunzitseni kapena kukulemberani kalata ya umboni, ndipo ntchito imatha tsiku limene wodwala wachira kapena wamwalira.

Za ku Britain ziyenera kunenedwa mosabisa, chifukwa zakopa anthu ambiri. Dzikolo linatsegula viza ya osamalira okalamba mu February 2022, mu March 2024 linaletsa ogwira ntchitoyi kubweretsa mabanja awo, ndipo mu July 2025 linatseka kulemba anthu atsopano a ntchitoyi kuchokera kunja. Choncho aliyense amene akukupemphani ndalama lero kuti akupezereni ntchito ya care ku Britain kuchokera ku Malawi, muyenera kumukayikira kwambiri. Kwa amene ali kale kumeneko, zaka za ntchito ya care sizimusandutsa munthu namwino. Bungwe la Nursing and Midwifery Council la kumeneko limafuna maphunziro athunthu a unamwino, ndipo fizi ya wophunzira wochokera kunja ndi yokwera kwambiri.

Njira iti kwa munthu uti

Ngati muli ndi makirediti 6 ndi sayansi yabwino, koma simunasankhidwe kapena fizi yavuta, musalowe maphunziro ena aatali mothamanga. Pezani ntchito ya masana ya chaka chimodzi kapena ziwiri, makamaka ya m'pulojekiti, sungani ndalama, mufunsirenso malo pa kusankha kotsatira kwa National Council for Higher Education, ndipo mukapeza malo mupemphe ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board.

Ngati vuto lanu lili pa Biology, Masamu kapena Chemistry, funso lalikulu ndi nthawi yowerengera, osati malipiro. Ntchito ya m'pulojekiti kapena ulangizi wa zaumoyo pa malo oyandikana ndi sukulu ya open ndizo zingakuthandizeni, ndipo mulembetse mayeso a MANEB m'chaka choyamba chomwecho, ngongole ndi maudindo zisanachuluke. Ntchito ya mashifiti mu wodi ndiyo yosayenera kwambiri kwa munthu wotere.

Ngati mapointi anu sakufika pa digiri koma akukwana pa dipuloma, ndipo banja kapena mpingo ungathe kukuthandizani zaka 3, tengani njira ya Nurse Midwife Technician, mukudziwa kuti ulendo wonse ungatenge zaka 7 kapena kuposerapo. Amene akukayika ngati unamwino ndi wake ayambe ndi miyezi ingapo mu wodi, koma adziikire tsiku lochokapo.

Ngati muli ndi ana kapena abale amene akudalira inu ndipo simungakhale mwezi wopanda malipiro, ulangizi wa zaumoyo ndiwo wokhazikika kuposa zonse zimene sizifuna fizi. Pa intavyu kapena mukangolembedwa, funsani ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu kuti tchuthi cha sukulu chimaperekedwa pakatha zaka zingati, ngati malipiro amapitirira pa nthawiyo, ndiponso kuti mudzafunika kutumikira zaka zingati mukabwerako.